Kaphedwe ka tauni isanakule: malangizo kwa a ku Mulanje

Pali anthu amene amaganiza kuti tauni imaonongeka yokha. Kumeneko n'kupeputsa thukuta la anzathu. Kuti mbali zina za Ndirande ndi Mbayani zifike poti ambulansi imaima kumsewu waukulu, wodwala n'kumachita kubwera pa wilibala, panalowa khama la anthu ambiri kwa zaka zambiri: wina kugulitsa njira, wina kumanga pa ngalande, wina kusaina, wina kuyang'ana kumbali. A ku Mulanje musadandaule kuti munatsalira. Pa Boma, pa Chitakale, pa Limbuli, pa Nkando ndi pa Chonde pakukula tsiku ndi tsiku, ndipo mukatsata bwino malangizo awa mukhoza kuwapeza a ku Blantyre zisanathe zaka 20.

Yambani ndi kuzindikira mwayi umene muli nawo. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma lino, pa malo ongopitirira pang'ono masikweya kilomita 2,000. Pa malo amenewo chotsanipo phiri, lomwe lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Chotsaniponso minda ya tiyi, imene inayamba ndi mbande zomwe Henry Brown anabzala mu 1891, lero n'kuyala kuchokera pafupi ndi Boma mpaka kumalire a Mozambique. Kuyambira pa Chitakale kukafika ku Muloza, chotsalira anthu ndi timizere ta nthaka pakati pa phiri, esiteti ndi mtsinje. Ku Kasungu kapena ku Mzimba munthu akalakwitsa pomanga, tauni imangosunthira kwina poti thengo lilipo. Kuno ayi. Mukalakwitsa kamodzi mwalakwitsira ndi zidzukulu zomwe. Ndi maboma ochepa kumene ntchito yochepa chonchi ingakhalitse chotere.

Tsono nkhani ya pulani. Alipo anzathu ena, achangu koma osaidziwa bwino ntchitoyi, amene amati chidule n'kusakhala ndi pulani n'komwe. Musawamvere. Lamulo la Physical Planning Act la mu 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la mu 1988, linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya kamangidwe, midzi yomwe, ndiye boma lopanda pulani limaonekera msanga ndipo limaitana mafunso. Pulani ikhalepo ndithu, yonenepa, ya chikuto chonyezimira, chithunzi cha Sapitwa pamwamba. Chachikulu n'choti isakumane ndi munthu. Woilemba achokere kutali, abwere mwezi wa Okutobala mitsinje itaphwa, aone Likhubula akuyenda mwaulemu pakati pa miyala, alembe kuti derali lilibe vuto la madzi osefukira. Ailembe m'Chingerezi cha kuyunivesite. Musalole kuti wina aitembenuzire m'Chichewa kapena m'Chilhomwe, ndipo mapu ake asapachikidwe pamsika, pachipatala kapena pabwalo la mfumu, chifukwa mayi wogulitsa zinanazi akangoona kuti pamene pakumangidwa bala panalembedwa kuti ndi bwalo losewerera ana, mwaziputa dala. Mwambo woikhazikitsa ukatha ku hotela, zitenje ndi matisheti zitagawidwa, iikeni m'kabati. Kiyi asunge bwana amene akusamutsidwa mwezi wamawa.

M'pulanimo musawerenge anthu a mawa. Pakati pa kalembera wa 2008 ndi wa 2018 boma lino linaonjezera anthu oposa 150,000. Munthu wokonda masamu akhoza kufunsa kuti ana amenewa akadzakula adzamanga pati, adzatunga pati, adzaphunzira pati, adzaikidwa pati. Muuzeni kuti za mawa adziwa ndi Mulungu, ndipo akaumirira mumufunse ngati amapemphera.

Malamulo amafunanso kuti anthu afunsidwe maganizo. Kuchokera mu 1998, pamene mphamvu zinatsikira ku makhonsolo, tili ndi makomiti a chitukuko, ma VDC m'midzi ndi ma ADC m'madera a mafumu akuluakulu, amene ntchito yawo n'kutengera zofuna za anthu kumtunda. Izi zisakuopseni. Kufunsa anthu kuli ndi luso lake. Msonkhano uitanidwe tsiku la msika, kapena m'mawa nthawi yothyola tiyi, kuti abwere okhawo opanda chochita. Kalata inene 8 koloko, inu mufike 11 koloko. Yambani ndi pemphero, kenaka malonje a aliyense wokhala kutsogolo ndi maudindo ake onse, kenaka mawu a mlendo wolemekezeka. Ikamakwana 1 koloko, njala itayamba kuluma, wapampando afunse kuti, “Pali funso kapena ndemanga, akuluakulu?” Kumbuyo kudzaimirira mayi wachikulire, akumanga bwino chitenje, n'kunena kuti, “Zikomo bwana wapampando. Ine ndimati ndinene za malo mwati pabwere msikawo. Pamenepo m'panjira pa madzi. Chaka cha napolo chija madzi anafika m'khosi.” Wapampando asakwiye. Amwetulire, ayankhe kuti, “Mayi athu, mfundo yanuyo ndi yabwino zedi, taimva ndipo tailemba.” Mlembi agwedeze cholembera pamwamba pa pepala osaligunda. Nthawi yomweyo pepala la alawansi liyambe kuzungulira. Palibe mfundo imene inapulumukapo pepala la alawansi litalowa m'holo. Mu lipoti mudzalembe kuti anthu onse anagwirizana nazo, ndipo amayi anatenga nawo mbali.

Koma phata la nkhani ndi mapoloti, ndiye apa tikhalitsepo. Tauni imaphedwa ndi mapazi a munthu woyeza malo.

Poloti yabwino imagulitsidwa m'chilimwe, dambo litauma gwaa, udzu utapsa. Wogula akhale wa ku Lilongwe kapena wobwera kumene kuchokera ku Joni, wa ndalama m'thumba koma wa masiku ochepa a tchuthi. Dobadoba amutengere pamalopo dzuwa lili paliwombo, amulozere phiri kuti aone kukongola, asamupatse mpata woyang'ana pansi pomwe pali mauna a nkhanu ndi zitsa za bango. Akafunsa kuti, “Kodi achimwene, dzinja madzi sadikha kuno?” yankho lake ndi lakuti, “Aaa bwana, kuno? Ine ndinabadwira konkuno.” Yankholi si bodza, komanso silinayankhe kanthu. Poyeza musatenge tepi. Malo ayezedwe ndi mapazi: pogula kwa mwini munda ayende munthu wamtali, pogulitsa kwa mlendo ayende wamfupi. M'ngodya muike miyala yonyamulika ndi dzanja limodzi, kapena kanthambi ka nkhadze kotha kusamuka usiku. Umboni ulembedwe pa pepala long'amba m'kope la mwana wa sukulu, mboni zikhale zoti zalandirako ya fanta. Pepalalo likanyowa kapena likadyedwa ndi chiswe, poloti yomweyo ikhoza kugulitsidwanso, ndipo malo amodzi akadyetsa mabanja atatu ndiye chitukuko chimenecho.

Kuno kwathu malo amayenda ndi mbumba, ndiye mwayi wina uli pamenepo. Gulani kwa mkamwini mkazi wake ali kumaliro, kapena kwa malume amene sanauze alongo ake. Mlandu wotere umatha zaka, kuchoka kwa nyakwawa, kupita kwa gulupu, kukafika kukhoti, ndipo pa zaka zonsezo palibe angadutsitse paipi kapena msewu pamalopo. Lamulo la Customary Land Act la mu 2016 linabweretsa makomiti a za malo: gulupu pampando, anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, atatu mwa iwo amayi, kuti malo azilembedwa m'kaundula aliyense akuona. Komiti yotere ndi yoopsa ikayamba kugwira ntchito. Musalimbane nayo. Ingoonetsetsani kuti ilibe kope, ilibe cholembera, ndipo imakumana pokhapokha kukabwera alendo a galimoto.

Pogawa mapolotiwo musasiye mpata. Wina adzati tisiyeko mamita angapo a msewu, wina adzati apa padzakhale sukulu, wina bwalo la mpira, wina manda. Afunseni funso limodzi: msewu umalipira zingati? Njira yokwana munthu wosenza ndowa yakwana. Galimoto yozimitsa moto, yopopa zimbudzi, ngakhale bokosi la maliro, zidzaona zokha ikadzakwana nthawi. Bokosi limatha kupendekeka. Dziwani kuti kupatula malo a msewu lero, padakali chimanga ndi nandolo, ndi nkhani ya kukambirana pansi pa mtengo ndi ndalama zochepa. Kudzawafuna zaka 10 zikubwerazi, patamera nyumba za malata ndi mipanda ya njerwa, ndi nkhani ya chipepeso choti khonsolo singakwanitse. Choncho chedwetsani. Chaka chilichonse chimene mwachedwa chikutsimikizira kuti msewuwo sudzakhalapo mpaka kalekale. Ine mwa njira zonse ndimaikonda imeneyi, poti siifuna ngakhale kangachepe. Munthu woona mtima, wopita kutchalitchi, amatha kuigwira bwinobwino atangokhala pampando.

Tauni yonse ikhale ya mzere umodzi. Msewu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi Luchenza, ndi wa Midima umene unapatsidwa dzina la Robert Mugabe mu 2006, imakumana n'kukhala msewu umodzi wodutsa pa Chitakale ndi pa Boma kupita ku Muloza. Umenewo ndi wokwanira. Golosale, chigayo, tchalitchi, shopu ya mabokosi, powotcherera zitsulo, zonse zitsamire tala, kuti thiraki ya tiyi, lole ya chimanga cha ku Milange, minibasi, kabaza wa njinga yamoto, wa njinga yakapalasa, mwana wa sukulu ndi mbuzi zizilimbirana katala komweko. Misewu ya kuseri yoti galimoto ingazembere musaiganize. Malamulo amati msewu waukulu ukhale wopanda chomanga mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. A zamisewu akadzalemba X wofiira pakhoma lanu musataye mtima. Itanani kampani ya foni ipente khoma lonse mtundu wake, chizindikirocho chikwiririke, nyumba ioneke yatsopano.

Msika mumange ndithu, poti msika umaoneka bwino pa chithunzi. Koma ogulitsa musawafunse. Uikeni kuseri, kutali ndi pamene minibasi zimatsitsira anthu, mabenchi a simenti ofika pachifuwa, mpopi palibe, chimbudzi chokhoma. Amayi a tomato, nthochi ndi mapeyala adzakhalamo sabata imodzi chifukwa cha ulemu, kenaka adzabwerera kumsewu kumene kuli ogula. Pamenepo mwapindula pawiri: muli ndi shedi yoti mbuzi zizibisalamo mvula, mulinso ndi anthu oti muziwathamangitsa Lolemba n'kukawadulitsa tikiti ya msika Lachiwiri pamalo omwewo. Ndalama ya tikitiyo isadzaonekenso pamsika, kaya ngati tsache kaya ngati babu la magetsi. Depoti chimodzimodzi. A kabaza musawapatse poimika, ndipo m'pulani musawatchule n'komwe, ngakhale ndi iwo amene amafikitsa mayi wapakati kuchipatala usiku.

Anthu ophunzira amakonda kunena kuti chilichonse chikhale ndi malo ake. Kumeneko n'kusankhana. Bala ya zokuzira mawu ikhale khoma limodzi ndi sukulu ya pulayimale kuti ana azolowere moyo msanga. Chigayo chiyandikire wodi ya amayi oyembekezera. Malo omwetsera mafuta a galimoto akhale atatu moyang'anizana, pakati pawo mnyamata akukazinga tchipisi pa chiwaya. Koma wina akabwera kufuna malo oika makina ofinya zinanazi, malo okhala ndi magetsi, madzi ndi msewu wolowa lole, muuzeni abwere mawa. Zinanazi ziziolera m'mbali mwa msewu nyengo yake ikakwana monga mwa chizolowezi chathu, achinyamata azikwera basi ya ku Joni, adzabwerako ndi ndalama zogulira mapoloti a m'dambo aja.

Madzi ndiye amafuna nzeru zapadera, chifukwa Mulanje ali nawo ochuluka mochititsa manyazi. Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila, Muloza, yonse imatsika m'phiri lomweli, ndipo chiperoni chikabwera chimatha masiku chikuwaza. Kuti munthu asowe madzi akumwa m'dera lotere pamafunika dongosolo. Choyamba iwalitsani anthu mbiri yawo. M'zaka za m'ma 1970 anthu a ku Chambe ndi madera ena ozungulira phirili anakumba okha ngalande za mapaipi ndi makasu awo, makilomita ambirimbiri, madzi n'kumatsika okha popanda injini mpaka pa mipopi ya m'midzi. Mudzi uliwonse unali ndi ndime yake yokumba ndi komiti yake yosamala mpopi. Nkhani imeneyi isamakambidwe pali achinyamata. Ingawapatse maganizo oti anthu wamba akhoza kugwirizana pamene paipi idutse, ndipo amene agwirizana za paipi lero, mawa adzafuna kugwirizana za msewu. Za ku Bondo nazo, kumene madzi a Lichenya amapukusa makina aang'ono n'kuyatsa magetsi m'midzi, m'sukulu ndi pachipatala osadikira ESCOM, zikhale nkhani za alendo odzaona.

Tenganiponso phunziro pa zimene zinachitika pamene bungwe la Blantyre Water Board linabwera kudzapatutsa madzi a Likhubula, malita 20 miliyoni patsiku, ndi ngongole ya ku India ya madola 23.5 miliyoni. Anthu a kuno, kudzera m'gulu la Citizens for the Protection of Mulanje, anaimirira n'kufunsa kuti nanga eni phirife tipindulanji, nanga mitengo ya kumene madziwo akuchokera abzala ndani. Panakhala kukokanakokana ndi zokambirana madziwo asanayambe ulendo wa ku Blantyre mu 2019. Kwa ife phunziro lake ndi loti anthu a ku Mulanje amafunsa mafunso akamva nthawi ilipo. Choncho azimva makina atafika kale.

Ngalande za madzi a mvula zikhale zosaya, ndipo zithere pakhomo pa munthu wosauka. Dzala la zinyalala za tauni musalifunire malo. Mtsinje ulipo ndipo sulipiritsa. Majumbo, matewera a ana ndi makoko a zinanazi zikatseka kalavati, madzi adzadzipezera njira kudzera m'mashopu. Chimbudzi chikumbidwe kumtunda, chitsime cha mnansi kumunsi, pakati mikono iwiri, poti mapoloti aja tinawapanikiza kale. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndiye musaganize kuti njirayi ndi yongoyerekeza. Inayesedwa ndipo imagwira.

Phiri ndi limene lingakusokonezeni, poti maso a dziko lapansi ali pomwepo. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, ndipo alendo ofuna kukwera Sapitwa, mamita 3,002, sadzachepa. Musade nkhawa, anzanu anayamba kale kumwambako. Mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma pofika 2017 owerenga anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonse. Inu mungopitiriza kuchokera m'munsi. Tauni ikamakula imafuna njerwa, njerwa zimafuna uvuni, uvuni umafuna nkhuni, ndipo nyumba iliyonse yatsopano imabwera ndi mbaula yake. Musaganizireko za kumene zonsezi zizichokera. Wowotcha makala mumugwire, mumulande njinga, makalawo mukaphikire kunyumba. Dothi la njerwa likumbidwe m'mphepete mwa mtsinje, mchenga uchotsedwe patsinde penipeni pa mlatho pamene lole imafika mosavuta. Nyumba zizikwera phiri pang'onopang'ono, mzere umodzi chaka chilichonse. Malire a nkhalango ali pa mapu, ndipo mapu aja ali m'kabati.

Pomanga m'tauni, nyumba zifulatire phiri. Mlendo wochokera ku Germany amene walipira ndege kudzaona thanthwe la Chambe, akaima pa Chitakale aone zikwangwani za mowa ndi mawaya. Adye, agone, amwetse galimoto ku Blantyre. Kuno angosiya fumbi ndi botolo la pulasitiki. Anyamata operekeza alendo ndi onyamula katundu a ku Likhubula, aja amathamanga mpikisano wa Porters Race, musawaitane pokonza za tauni. Amadziwa khwawa lililonse m'phirimo ndi kumene limakathira, ndipo angakuuzeni zinthu zosokoneza malonda a mapoloti.

Za maesiteti ndinene mwachidule, poti apa ntchito yaikulu anagwira kale atsamunda m'nthawi ya thangata. Malo abwino, osasefukira, oyandikira msewu, ambiri ali pansi pa tiyi. Tauni yofuna kukula mwadongosolo ikanakhala pansi ndi eni maesiteti, unduna wa za malo ndi mafumu n'kukambirana poyera kuti m'zaka 30 zikubwerazi sukulu, chipatala ndi nyumba za antchito zidzakhale pati, ndipo malowo adzapezeke bwanji tiyi akupitirira kulemba anthu ntchito. Zimenezo ayi. Nkhani ya malo a esiteti ikhale ngati ndiwo zogona: itenthetsedwe chaka cha chisankho, mavoti akawerengedwa ivundikiridwe. Pakati apo anthu azikankhidwira m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amati kukula kwa mizinda ndi umodzi mwa mizati itatu ya chitukuko. Pa matauni 8 osankhidwa kuti adzakhale mizinda yatsopano pali Luchenza, pakhomo penipeni pa Mulanje, pomwe njanji imadutsa. Luchenza akakula Chonde sangatsale, ndipo apa pali ngozi yoti wina angaganize zokonzera malo awiriwa pamodzi. Mankhwala ake ndi osavuta. Luchenza ali ndi khonsolo yake, Thyolo yake, Mulanje yake. Atatuwa asaonetsane mapu. Msewu wa tsidya lino uthere pamtsinje, wa tsidya linalo uyambire chakumunsi. Pa Chonde, pomwe namtindi wa Mulhako wa Alhomwe umasonkhana mwezi wa Okutobala, muzidabwa chaka ndi chaka kuti magalimoto achuluka ndipo poimika palibe.

Chitukuko chiziyendera kalendala ya chisankho. Phungu watsopano ayambe chake, asamalize cha amene anamugonjetsa, poti chimenecho chili ndi dzina la mdani pa mwala wa maziko. Khansala akokere kachipatala kwawo ngakhale kulibe msewu, mfumu ikokere mjigo pakhomo pake. Ofesi yoona za mapulani ikhale ya munthu mmodzi wopanda njinga yamoto, ndipo ikapezeka isowe mafuta. Munthuyo akakana kusainira nyumba ya bwana wina yomwe yakhala pa ngalande, musamukalipire. Muimbireni foni usiku, mumupatse moni wa banja lonse, mumufunse mwaulemu ngati ana ake angazikonde sukulu za ku Chitipa.

Watsala napolo, amene amabwera kudzachonga ntchito yonseyi. Mdani wanu apa ndi anthu okumbukira. Mu Malichi 1991, Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje, madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakhuthula mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri lathu lomweli. Midzi ya kwa Njema inakokoloka, msewu wa Muloza kupita ku Chiringa unaduka, ndipo dziko lonse linataya anthu oposa 1,000. Pakati pa zaka ziwirizi panadutsanso Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022. Tauni yosasamala ikhoza kutenga zonsezi n'kujambula pa mapu paliponse pamene madzi anadutsa, kuzika zipilala zosonyeza pamene anafika, n'kulamula kuti kuyambira apa mpaka apo pabzalidwe nsungwi ndi mitengo, pasagone munthu. Inu musatero. Miyala ikuluikulu imene napolo anasiya m'minda ndi mboni zoipa. Iphwanyidwe msanga, igulitsidwe kwa omanga. Anthu auzidwe kuti napolo ndi chinjoka chimene chimasamuka pachokha kuchoka kuphiri, chosafunsa pulani ya munthu. Makolo amene ankanena za chinjokacho ankadziwanso njira zake ndipo sankamangamo, koma mbali imeneyo ya nkhani muisiye.

Tsoka likagwa fikani msanga ndi matumba a ufa, ndowa za pulasitiki ndi wojambula. Opulumuka muwasunge m'makalasi, ana ayambe apuma. Lonjezani kuti asamutsidwira kumtunda, koma malo ake mukawapeze kutali ndi minda yawo, kopanda mjigo, kopanda chigayo, kopanda msika, kuti pakatha miyezi ingapo abwerere okha kumene anachoka, inu n'kudzanena pa wailesi kuti anthu ake ndi osamva. Lamulo la za ngozi zogwa mwadzidzidzi la mu 2023 mulipezere malo m'kabati muja, pamwamba pa pulani. Mlatho wokokoloka umangidwenso pamalo omwewo, msinkhu womwewo, makalavati omwewo, ndi kontrakitala yemweyo ngati foni yake ikupezekabe.

Kenaka dikirani Okutobala. Matope akauma amasalala bwino, ndipo poloti ya pamenepo muikweze mtengo, poti wogula sadzavutikanso ndi kusalaza.